Miyendo Yanga pa Njira ya ku Manda

Mwana wanga woyamba sanafike pokwawa. Dzenje lake sindinalione, pakuti kwathu kuno ku Nkopola akazi sitiperekeza maliro mpaka ku manda. Timatsala pakhomo, amuna n'kupita. Bambo ake atabwerako anangoti, “Tamugoneka polowera penipeni, kumanzere kwa mtengo wa bwemba, pamene pagona ana anzake.” Mawu amenewo ndiwo anali chithunzi changa.

Manda a khanda sachedwa kufafanizika. Mvula ikagwa zaka ziwiri, kamtumbira katha, patsala udzu basi.

Ndili ndi wachiwiri kumsana, bambo wina wolondolera alendo ku loji anayamba kubwera ndi azungu ku manda athuwo. Ankafuna manda akale a mkatikati, a agogo awo a agogo athu, amene ankaoloka nyanja pa chombo cha matanga kukagula nsalu ndi mikanda. Kuti nkhani ikome, anatenga achimwene anga, amene usodzi unali utawakanika, n'kuwaveka mkanjo woyera, nduwira kumutu, ndi ndevu za khonje. Achimwenewo ankatsogolera alendo uku akulankhula ngati malemuwo.

Poyamba ndinaseka nawo. Ndevuzo zinkagwa akayetsemula. Komanso kunyumba kwawo kunayamba kuoneka sopo ndi shuga, alamu anga n'kusiya kudandaula. Ndinkati agogowo, mmene amawasimbira kukonda kutchuka, mwina akusangalala komweko.

Tsiku lina ndikugulitsa zitumbuwa m'mbali mwa msewu, ndinayang'anitsitsa pamene amadutsa. Njira yakale imazungulira bwemba cha kumanja. Iwo ankadulira kumanzere, kotsata mthunzi. Mayi wina wachizungu anaima pomwepo kumanga chingwe cha nsapato yake, chinsapato cholemera ngati cha msilikali. Sanalakwe, sankadziwa. Koma mkaka unangoti tsaa pa bulauzi yanga.

Ndinawauza achimwene. “Inu ndinu malume ake. Munanyamula nawo.” Anati akalankhula ndi abwana awo. Yankho linabwera lakuti azungu sapirira dzuwa. Ndinadikira, ndinapemphanso, ndinadikiranso. Udzu pa malo aja unatha, panayamba kuoneka njira.

Kulowa m'manda sindikanatha, mwambo sulola. Koma kunja palibe wondiletsa, ndipo polowera pake m'popapatiza, minga uku ndi uku. M'mawa wina nditamva kuti alendo akubwera, ndinayala mkeka pamenepo, n'kutambasula miyendo kupingasa njira, mwana n'kumugoneka pamiyendopo. Kuno aliyense amadziwa: sudumpha mwana, amati sakula.

Anafika, achimwene patsogolo ndi ndevu zawo.

“Mayi, tapindani miyendo alendo adutse,” anatero wolondolera uja.

“Yatopa, bambo. Dumphani.”

Anayang'ana mwanayo, anayang'ana minga. Nayenso ngobadwira konkuno. Mwendo wake unakana. Anatembenukira kwa achimwene. “Agogo, talankhulani ndi mdzukulu wanuyu.”

“Achemwali, mukundichititsa manyazi,” ananong'ona achimwene.

“Ii, agogo, mwauka liti?” ndinatero mokweza. “Ndevu zapendekekatu, kodi kumeneko kulibe kalilole?”

Amayi ogulitsa usipa pamsewu anaseka mpaka kugwirana.

“Ngati mwachokeradi mkatimo, agogo, tandiuzani za mwana wanga. Akugona bwanji ndi nsapato pamutu?”

Kuseka kunatha. Mayi wina wa usipa anasiya beseni lake, nabwera kudzakhala pambali panga, miyendo tambasu. “Anga ali awiri pamenepo,” anatero. Wina anabweranso. Mkeka unachepa.

Achimwene anasolola ndevu zija n'kuziika m'thumba. Ndi Chingerezi chawo chothyokathyoka analozera pansi pa bwemba, akuonetsa ndi manja kutalika kwa khanda. Ndinaona mlendo wina wamkulu akuvula chipewa. Palibe anafunanso kulowa. Sewero lonse analichitira panja pomwepo, padzuwa limene amati azungu sapirira, ndipo anapirira ndithu, mpaka kugula zitumbuwa zanga zonse.

Sabata yomweyo achimwene ndi bambo a ana anga anaitana amuna anzawo. Anatuta miyala kuphiri, kuzinga malo onse a ana, n'kupaka laimu. Wolondolera uja anabwera yekha ndi wilibala, n'kututa nawo.

Alendo amabwerabe. Nkhani ya agogo amaimvera kunja, ndipo ofuna kuona manda akale amadzera njira yakumanja, mwakachetechete, achimwene atavula kaye zamasewerozo. Ena pamudzi amati ngakhale zimenezo n'kusowa ulemu, akufa si akanema. Ine sindikangana nawo. Ndimangodziwa kuti ndikaima pa malo anga a zitumbuwa, miyala yoyera ija imaoneka bwinobwino. Wachiwiri uja tsopano amayenda, ndipo ndikamufunsa kuti akulu ako ali kuti, amaloza yekha.