Kapepala ka Switi m'Galimoto ya Agogo

Fungo la waya wopsa likandilowa m'mphuno, ngakhale ndili mu minibasi ya ku Blantyre, ndimaona agogo anga aamuna, a Namakhwa, atagona chagada m'kagalimoto kawo kakale pabwalo pathu ku Chinamwali, mutu uli kunsi kwa chiwongolero, miyendo ili panja, nkhuku zikujompha zingwe za nsapato zawo. Anali dalaivala wa boma wopuma, komanso mkulu wa mpingo woopedwa. Chimene ankadana nacho kwambiri ndi fodya. Munthu akayatsa ndudu pafupi ndi mpanda wathu, ankamulalikira mpaka aizimitse yekha. A Dikisoni, amene ankafunsira mayi anga aang'ono a Esinati, anawabweza chifukwa cha milomo yakuda. "Mwana wanga sangakwatiwe ndi chumuni," ankatero. A Dikisoni anasiya fodya movutikira mpaka kuwonda, ndipo anthu ankatamanda agogo kuti ndi munthu wa mawu amodzi. Ulemu wawo wonse unagona pamenepo.

Matipate anali atangobwera kumene. Tsiku Lachisanu, ukwati wa a Esinati ndi a Dikisoni uli mawa, hutala ya galimoto ija inafa. Abale inu, galimoto ya akwati yopanda hutala si maliro amenewo? Anyamata anati athandize, koma agogo anawathamangitsa, pakuti kabokosi ka mafyuzi kunsi kwa chiwongolero sankalola munthu kukakhudza. Ine sanandione. Ndinali pampando wakumbuyo, ndikuyeserera kukhala ngati mkwatibwi.

Agogo anazula kafyuzi n'kukayang'anitsitsa padzuwa. "Kapsa," anadziyankhulira. Kupita m'tauni kukagula kena anaona ngati kutaya nthawi. Anapisa dzanja kuseri kwa kabokosiko, n'kutulutsa kapepala konyezimira, n'kukulunga kafyuzi kakufako bwinobwino, n'kukabwezera. Atadina, hutala inalira, piii! mpaka agalu a kwa aneba kuyamba kuuwa.

"Agogo, kapepala kokongolako n'kachiyani?"

Anadzidzimuka mpaka kugunda mutu pachiwongolero. "N'ka switi, iwe. Tatsika."

Usiku ndinagona ndi mkwiyo kuti agogo amadya switi okha.

Mawa lake titatuluka m'tchalitchi tinayamba kukwera phiri kukajambulitsa kudamu la Mulunguzi. Agogo pachiwongolero, ine pakati pa akwati ndi kadengu ka maluwa, kumbuyo kwathu lole yodzaza amayi a kumpingo akuimba, abusa ali kutsogolo kwake. Mphepo yonunkhira paini inkalowa pawindo, ndipo agogo sankachotsa dzanja pa hutala. Fyuzi yeniyeni zinthu zikavuta imapsa yokha kuti waya apulumuke, koma kapepala kaja sikankadziwa zimenezo. Titafika pokhota pomwe ana amagulitsa mabulosi, hutala inakakamira osaleka kulira, utsi wakuda tolo kuchokera kumiyendo ya agogo.

"Mayo, tikupsa!" anakuwa a Esinati, n'kudumpha velo ili m'manja, akundikoka ine. A Dikisoni anathamangira kutsogolo kukazula waya wa batire, kenako anavula jekete n'kulowa nayo kunsi kwa chiwongolero. Anathitha motowo, n'kukokera panja zonse zimene zinkafuka.

Pa tala panagwa paketi yopserera. Ndudu zinamwazika mbwee, zina zikugubuduka kutsetsereka mpaka kumatayala a lole.

Nyimbo inaduka pakati. Ndiye ine ndi kamwa langali: "Agogo, switi zija ndi zimenezi?"

Sindinaonepo nkhope ya munthu ikugwa chonchija. A Dikisoni, zala zikuchita matuza, anagwada pamsewu pomwepo ndi buluku la ukwati. "Pepani bambo, ndi zanga. Ndinabisamo dzulo."

Amayi anayamba kung'ung'udza kuti eya, wafodya sasiya. Nkhani ikanathera pomwepo, ndithu. Agogo akanangokhala chete, Lamulungu akanakhala pampando wawo wa akulu a mpingo monga mwa masiku onse. Anayang'ana ndudu zija, n'kuyang'ana zala za mkamwini wawo.

"Apongozi, dzukani. Musayambe banja ndi bodza. Ndi zanga ine. Chiyambire unyamata wanga ndalephera kusiya. Inu munatha, ine ayi."

Agogo aakazi anangoti khu! kukhala pansi pa tala ndi chitenje chawo chatsopano. Ine ndinalira, osati chifukwa cha moto, koma mantha oona munthu amene Chinamwali yense ankamuopa ataweramitsa mutu pamaso pa anthu.

Kuyambira Lamulungu lotsatira agogo ankakhala pabenchi ya kumbuyo, osauzidwa ndi munthu, ndipo anakhala pomwepo mpaka imfa yawo.

Lero ndili ndi kagalimoto kanga, ndipo makaniko akati tingokulunga kaye fyuzi, ndimachita kukalipa. Chithunzi cha kudamu chija ndimasunga ine. Tinakafika pa lole. Agogo aima kumapeto, maso ali pansi, ndipo a Dikisoni achita chinthu chimene mkamwini kwathu sachita kwa apongozi ake: dzanja lawo lamatuza lija lili paphewa pa agogo.