Make Yami wa m'Vidiyo

Ndinaganiza zochoka tsiku limene dzino langa linagwera m'lichero la nandolo. Ndinali pakhonde ndikusankha nandoloyo, mwana wanga Yami ali kumsana, dzuwa lili pamutu. Abambo ake, a Lufeyo, anatulukira, nafunsa chifukwa chake sindinakasese ku vidiyo. Ndisanayankhe anakuwa kaye "Hiyaa!" ngati a m'filimu aja, kenako theche la pakamwa. A Lufeyo anali mkamwini, tinkakhala pamudzi pa amayi anga, nyumba zoyang'anana zitseko. Palibe amene anatuluka. Ndinadziuza kuti sanamve.

Vidiyo ya a Lufeyoyo ili kuseri kwa msika wa Mbulumbuzi, chisakasa cha mapepala akuda ndi mabenchi a bulugamu. Amaonetsa mafilimu akalekale achitchaina, a karate oseketsa aja, nkhalamba zoledzera kumauluka pamadenga. Iwo amakhala kutsogolo ndi maiki kumamasulira. Chitchaina sachimva ngakhale liwu limodzi, amangopeka, ndiye anthu a m'filimumo amawapatsa mayina a anthu a pamsika pomwepo. Wakuba m'filimu amakhala wakabaza uyu, wadyera amakhala wogulitsa tchipisi uyo. Penapake pakakoma anthu amakuwa "Bwezani! Bwezani!" iwo n'kubweza. Filimu siinkafika kumapeto, nthawi inkathera kubweza.

Panali imodzi imene ankaikonda kwambiri. Mayi wina wogulitsa tiyi, wolongolola, anyamata amamukankha, amagwera m'mgolo wa madzi miyendo m'mwamba. Inenso ndinkaseka, nditaima pakhomo. Sindinama ayi, ndinkaseka.

Yami ndinamusiya kwa amayi atangoyamba kuyenda. Ndinapita ku Joni wopanda pasipoti, kumbuyo kwa thiraki, tili ambiri, osalankhula, osatsokomola. Kumeneko mayi wina wa kwathu anandipezera ntchito m'shopu ya Atchaina, kupinda zovala ndi kuyang'ana akuba. Ntchito ya maso. Maso ndinali nawo kale. Ndinkadziwa galimoto ya apolisi isanakhote, ndinkadziwa munthu woti akuwa asanatsegule kukamwa. Ndinkagona m'kachipinda ka malata nsapato zili kumapazi, kuti zikavuta ndingothawa. Mkaka unkatulukabe miyezi yoyambayo, ndinkaufinyira m'kapu n'kukataya kuseri, osauyang'ana.

Ndalama ndinkatumiza kwa amayi mwezi ndi mwezi, ine n'kumadya buledi ndi madzi a shuga. Mauthenga ankadzera pa foni ya mchemwali wanga Ketrina. Sopo watha. Feteleza. Denga likudontha. Ndikati ndimve mawu a Yami, ankati ali kosewera. Tsiku lina Ketrina anajambula uthenga ali pamsika, kumbuyo kwake ndinamva sipika, mawu a Lufeyo akuti "make Yami", kenako chiphokoso cha anthu kuseka. Ndinamvetsera kangapo. Nditafunsa, Ketrina anati, "Aaa achemwali, ndi netiweki imeneyo."

M'shopumo munali agogo ena, amayi ake a bwana, ankangokhala kuseri kwa kauntala kumaonera zinthu pa foni. Tsiku lina ndikupinda mabulangete ndinamva nyimbo yoidziwa. Ndinasuzumira. Filimu yomwe ija, mayi wa tiyi yemwe uja. Anagwera m'mgolo, ndinadikira kuti abweze. Sanabweze. Mayi uja anatuluka m'madzimo pang'onopang'ono, nafinya tsitsi, natola ketulo yake. Anyamata onse aja anawakwapula ndi ketulo, mmodzimmodzi, wina mpaka anakabisala m'khola la nkhumba. Apa m'pamene agogowo anaseka, m'kamwa mopanda mano, kumandimenya pamkono kuti ndione. Poti wagwa paja sanaseke. Ndinaima pomwepo bulangete lili m'manja. Zaka zonse zija ndinasesa m'chisakasa muja, sindinkadziwa kuti mayiyo amadzuka.

Ndinabwerera Yami atatsala pang'ono kuyamba sukulu. Apolisi anali atayamba kulowa m'mashopu, ndipo ndinati ndisafere kwa eni mwana asanandidziwe nkhope. Ndinamugulira nsapato zowala akaponda.

Nditangotsika minibasi pa Mbulumbuzi, wakabaza wina anandiyang'anitsitsa, nagwira mnzake paphewa.

"Iwe, si make Yami awa?"

"Eee, ndi omwewo! Mwauma liti, mayi?"

Siteji yonse inafa nacho chiseko. Azimayi a tomato, ana, ngakhale mkulu wina wa kumpingo kwathu anatembenukira kumbali mapewa akugwedera. Ndinadziyang'ana ngati ndadetsa chitenje. Wakabazayo anati, "Kwerani, sitidutsa kumene kuli migolo."

Kunyumba ndinapeza Ketrina yekha. Sanandiyang'ane m'maso. Anati amayi ali ku vidiyo, amagulitsa mandasi pakhomo, Yami ali komweko. Ndinasiya chikwama, ndinathamanga.

Ndinamva ndisanafike. Sipika yatsopano, yaikulu, pamwamba pa mtengo, ndi solala padenga. M'kati munali mdima ndi fungo la thukuta, anthu thithithi, masanasana. Pa sikirini, mayi wa tiyi. Mawu a Lufeyo: "Uyu ndiye make Yami, akuti akupita ku Joni, akuti kuno kwamuchepera! Pita bwino make Yami, moni kwa Atchaina!" Phuvu, m'mgolo. "Bwezani! Bwezani!" Anabweza. Anagwanso. Ena misozi ili mbwembwembwe ndi kuseka, ena kumenya mabenchi. Ndipo pa benchi ya kutsogolo kamnyamata kopanda malaya, makutu ngati a malemu abambo anga, kataimirira pabenchipo, kakukuwa kuposa onse.

"Bwezani adadi! Agwenso!"

Sindikudziwa mawu ndinawatenga kuti. Ndinati, "Musabweze. Isiyeni ipitirire, aone zimene amachita akadzuka."

Anthu anacheuka. A Lufeyo anandiona, ndinaona dzanja lawo likufinya maiki ngati kale. Kenako anamwetulira, nayankhulira pa maiki pomwepo: "Abale, mwini filimu wafika. Koma akuoneka wouma. Alipo ali ndi mgolo?"

Chisakasa chinatsala pang'ono kugwa. Wina anakuwa, "Kutsogoloko kulibe zokoma, bwezani basi!" Anabweza.

Panja amayi anandigwira mkono, manja awo a mafuta a mandasi.

"Usatichititse manyazi, iwe. Ndi nthabwala chabe. Anthu amabwera chifukwa cha imeneyi, mandasi amatha."

"Solalayo anagula ndani, amayi?"

"Tinathandizana. Ndi bambo wa mwana, umafuna tidane naye?"

"Nanga tsiku lija la dzino, munamva?"

Anayamba kukonza mandasi m'beseni, kuwasanja, kuwasanjanso. "Za m'banja amalowerera ndani? Ndiponso mmene anakuwira muja, tinkayesa mukusewera."

Ndiye kuti anamva. Onse anamva. Ku Joni ndinkagona ndi nsapato kuopa anthu osandidziwa, ndikumalira kuti kwathu kuli anthu anga. Anthu angawo anali pa benchi.

Yami anatuluka anthu akubalalika, Ketrina anali atafika, anamukankhira kwa ine. "Amayi ako awa." Mwanayo anandiyang'ana kumutu mpaka kumapazi, nabisala kuseri kwa chitenje cha Ketrina, akuseka.

"Bodza. Make Yami ndi wonenepa. Amagwa m'madzi."

Ndinagwada. Ndinamufunsa ngati samumvera chisoni. Anati, "Samva kuwawa, ndi wa m'vidiyo." Ndinatsegula kukamwa, ndinatenga chala chake, ndinachiika pa mpata wa dzino lija. Anachichotsa msanga, nachipukuta pa kabudula. Sanasekenso.

Sindinagone pamudzipo masiku ambiri. Mwana ndi wa kwa mayi, amalume sanatsutse, anangoti ndikuwonjeza. Tinanyamuka masana, anthu akuona, kupita ku Limbe kumene mnzanga wina anati kuli ganyu yochapa. Yami anavala nsapato zowala zija, ankalira, ndinkamukoka. Tili pa siteji sipika inayamba, dzina langa linamveka msika wonse, kenako phuvu, kenako chiseko chija. Ndinaona kukamwa kwa Yami kutayamba kale kutseguka kuti aseke, chizolowezi. Anandiyang'ana, natseka.

Minibasi itadutsa minda ya nandolo anandifunsa motsitsa mawu, "Ndiye amadzukadi?"

Ndinati amadzuka. Anafunsa kuti nanga bwanji sanaonepo. Ndinati kwanu kuja amakonda pogwa pokha.