Chimera Chopserera cha ku Nathenje

Loweruka ndinapalasa njinga kuchoka ku Mitundu kukaona mlongo wanga Nabanda ku Nathenje. Iye amalera ana ake ndi ntchito yofulula mowa wa masese. Ndinamupeza atakhala pambali pa mgolo, nkhope itagwa. Amuna omwe amamwera pakhomo pake anali pansi pa mtengo wa mango, zikho zili zouma.

Chinachitika ndi ichi. Chifukwa cha mvumbi, chimera chake cha mawere chinakana kuuma, ndiye anachiumitsa m'chiwaya pamoto. China chinapserera. Kutaya kunamuwawa, choncho anangochisakaniza ndi chabwino. Mowa unatuluka wakuda bii.

Paja kwathu kuno wofulula amayamba ndiye kumwa pamaso pa anthu, kuti aone kuti m'mowamo mulibe kanthu. Nabanda anamwa, koma sizinathandize.

"Mayi, inu mwamwa chifukwa mukudziwa chotsitsira chake," anatero a Chimphepo, mkulu wosoka nsapato pamsika. "Masese anayamba liti kuda? Mwathiramo chiyani?"

Mlongo wanga anandinong'oneza. "Achimwene, zimenezi zikamveka pamsika, adzamwenso pano ndani?"

Ine sindine wakumwa kwenikweni, ndipo onsewo amadziwa. Ndinatunga chipanda chodzaza n'kumwa.

Abale, ndikuuzeni. Fungo lake ngati khofi wokazinga. Umayamba ndi kuwawira pang'ono, kenaka kukoma kumabwera mochedwa, kukhosi. Nthawi yomweyo ndinakumbuka sitauti, mowa wakuda wa m'botolo, amene ndinalawapo paukwati mumzinda. Ameneyonso amada chifukwa chimera chake china amachikazinga dala. Mlongo wanga wafulula mchimwene wake wa sitauti osadziwa.

Ndinawafotokozera. A Chimphepo anangondiyang'anitsitsa, kudikira kuti ndigwe.

"Sakugwatu," anatero mnzawo.

"Ndithirireni, mayi," anatero a Chimphepo. "Ndikafa, nsapato za anthu mukabweze ndinu."

Anamwa, n'kutambasulanso dzanja. Dzuwa lisanapendeke mgolo unali utauma.

Ndabwerako ndili ndi chimwemwe, komanso funso. Masiku ano a matipate aliyense akuti tili ndi ufulu wosankha. Koma chinthu chachilendo chikabwera m'botolo la chizindikiro, timachilandira ndi manja awiri. Chikatuluka mumgolo wa mayi wa m'mudzi mwathu, timayamba kufunsa za mankhwala. Pakanapanda munthu wachiwiri womwa, bwenzi lero Nabanda akutchedwa dzina loipa.

Potsanzikana anandiuza kuti sabata yamawa akazinga dala: gawo laling'ono lokha, chifukwa chimera chopserera chonse sichingawiritse mowa. Akufunanso kuyesa cha mapira. Ine ndamulonjeza chiwaya chachikulu.

Nanga m'midzi mwathumu, ndi migolo ingati yotere imene amayi anakhuthula kuseri kwa nyumba poopa pakamwa pathu?