Injini Yotentha

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene ababa anga anagula njinga yamoto, chaka chachiwiri sukulu itayamba kukhala yaulere. Tinkakhala m'malaini a esiteti, kumunsi kwenikweni kwa chigwa, kumene nkhungu imachedwa kuchoka ndipo chovala ukachapa lero chimauma mawa. Ababa anali kalaliki wa pasikelo poyezera tiyi. Njinga yamoto anali asanakwerepo chibadwire, ngakhale kumbuyo kwa munthu.

Sanaigulire matama ayi. Amayi anali oyembekezera, ndipo mimba ziwiri zonditsatira ine zinathera panjira, pamachira, anthu asanafike nawo kuchipatala ku Makwasa. Ulendo uno ababa anagulitsa mbuzi zawo zonse za kumudzi ku Mphuka, pamodzi ndi makina osokera a amayi. Anati mkazi wawo sadzanyamulidwanso ngati thumba la feteleza.

Wogulitsa njingayo anali a Likhutcha, bambo amene tinkapemphera nawo pa Sabata, oimba besi mukwaya. Anatiuza kuti tifike Lachisanu, folo koloko madzulo. Kwa ife osunga Sabata, Lachisanu dzuwa likapendeka mtima sukhala pansi, chifukwa malonda aliwonse amayenera kutha lisanalowe. Ine ananditenga kuti pobwerera ndidzapalase njinga yawo yakale.

Nyumba ya a Likhutcha inali pamwamba pa chitunda. Tinapeza njingayo itaima pansi pa mtengo wa mapeyala, yofiira, yotsukidwa bwino, madzi akudonthabe. Akuluakulu analowa m'nyumba kukalonjerana ndi kupemphera. Ine ndinatsala panja, ndipo mwachibwana ndinagwira pa injini. Inandiwotcha zala ziwiri. Ndinaziyamwa mwakachetechete. Nditatembenuka ndinaona akazi a a Likhutcha atakhala kuseri kwa khitchini, akupuma wefuwefu, akutsuka matope ofiira amene anawafika m'mawondo. Tinayang'anana, iwo n'kuzyolika.

Atatuluka, ababa anayamba kuyang'ana njinga ija monga ankayang'anira yakapalasa. Anafinya matayala. Anagwedeza tcheni, anayesa masipoko ndi chala, analiza hutala. Zimene ankadziwa zinathera pomwepo.

"Iyi ndiye ya munthu wophunzira kumene, mbale," anatero a Likhutcha. "Ndi yofatsa. Taonani."

Anaponda kamodzi kokha, injini n'kuyaka. Anawaonetsa ababa giya ndi buleki, n'kuwazungulitsa pabwalo kawiri. Kenaka anayang'ana kumwamba.

"Dzuwatu likutisiya, mbale."

Ababa anayang'ananso kumwamba, n'kupisa dzanja m'thumba. Tinabwerera kunyumba iwo ali mugiya yoyamba, miyendo ili lendelende, ine ndikuwapeza bwinobwino ndi yakapalasa.

Tsiku la Sabata njinga inakhala m'nyumba osakhudzidwa. Lamlungu m'mawa ababa anaiponda mpaka malaya ananyowa, koma sinayankhe. Tinaikankha mpaka kwa makaniko wina wa kufakitale, amene anamasula pulagi, kuinunkhiza, n'kupukusa mutu.

"Akalaliki, iyi inatha m'kati. Ikatentha imayaka ndithu, koma ikagona mpaka muigwejemule, muitsetsereze pamtsetse ili mugiya. Munaigula yozizira kapena yotentha?"

Ababa anati sakudziwa. Ine ndinali pomwepo, manja kumbuyo, matuza awiri pa zala. Mwana wamkazi sankalowerera nkhani za abambo, ndiponso ndinkaopa kuti andifunsa chifukwa chimene sindinanenere Lachisanu lija. 

Ababa anapita nayo nkhaniyo kwa a Likhutcha, koma iwo anayankha mofatsa: "Pochoka pano inkayaka, mbale. Mboni ndi mwana wanuyu." Ndipo zinali zoona. Ababa sanali munthu wokokerana ndi m'bale wa mumpingo kubwalo. Sabata lotsatira anakhala benchi imodzi.

Choncho anapeza njira yokhalira nayo. Madzulo ankaisiya pamwamba pa phiri, kushedi ya pasikelo kumene kunali mlonda, ndipo m'mawa ankaitsetsereza mbali inayo yoloza kumsewu. Anaphunzira kuyendetsa ndithu, mpaka ankawatenga amayi kusikelo ya amayi apakati. Koma mlondayo nayenso anali wa Sabata. Kuyambira Lachisanu madzulo mpaka Lamlungu kushedi kunalibe munthu, ndiye njinga inkagona kwathu, kuchigwa, kumene njira iliyonse ndi yokwera.

Matenda a amayi anayamba m'mawa wa tsiku la Sabata, mwezi wa Juni, masiku awo asanakwane. Kunja kunali chiperoni, kamvula kowaza kaja kozizira mpaka m'mafupa. Ababa anali atavala kale malaya oyera a kutchalitchi. Njinga anaiponda kakhumi, kapena kuposa, kenaka anati, "Edina, gwira kumbuyo."

Phiri limenelo ndimalikumbukira ndi mapazi. Dothi lofiira la ku Thyolo likanyowa limaterera ngati sopo. Iwo anagwira mahandulo, ine ndinakankhira pakaliyala, mutu uli pansi. Tinagwa kawiri. Ulendo wachiwiri njinga inawapsinja mwendo, ndipo anadzuka n'kugwiranso mahandulo. Titatsala pang'ono kufika pamwamba ndinacheuka. Pansi paja, m'nkhungu, amuna anayi ankatuluka m'malaini ndi machira, azimayi ali pambuyo, kulowa njira yachidule ya m'tiyi. Anthu anali atatopa kutidikira.

Pamtsetse inayaka nthawi yomweyo. Ababa anazungulira kumsewu kuti akakumane nawo pamlatho, ine ndikuthamanga pambuyo. Nditafika ndinapeza azimayi ataima mozungulira pakati pa mizere ya tiyi, atatambasula zitenje kutchinga. Amuna anali chapatali, atafulatira. Njinga inali m'mbali mwa msewu injini ikuyendabe, poti ababa ankaopa kuizimitsa. Utsi wake unkakwawa pamwamba pa tiyi. Patapita nthawi mayi wina wachikulire anatuluka, n'kulankhula ndi ababa m'Chilomwe, motsitsa mawu. Ababa anapita kukazimitsa njinga.

Anali mwana wamwamuna. Mwana wobadwa wakufa chotero kwathu sitimulira maliro. Azimayi okha anakamuika tsiku lomwelo, ife ana osauzidwa kumene anamuika. Amayi, amuna aja anapitirira nawo pamachira kuchipatala, ndipo anachira. Madzulo ndinachapa malaya oyera aja. Matope sanachoke.

Sindikumbukira kuti ndinalira. Ndinkaphika, ndinkatunga madzi, ndinkapita kusukulu. Njinga inakhala pabalaza miyezi iwiri, tikuilambalala popita kukagona.

Kenaka kunamveka za mphunzitsi wina wachinyamata wa ku Chimaliro, amene ankafuna njinga yake yoyamba. Ndinawamva ababa akutumiza uthenga kuti abwere Lachisanu, folo koloko. Lachisanulo, nthawi itangopitirira thuu koloko, anandiitana osandiyang'ana kumaso.

"Edina, tiye tikakankhe."

Tinakankha. Kunali kouma tsopano, sitinagwe. Anaitsetsereza, anazungulira nayo kumsewu mpaka inatentha bwino, n'kubwera nayo pakhomo. Anandituma madzi, tinaitsuka. Ine ndinakakhala kuseri kwa nyumba kudikira kuti befu athe.

Mphunzitsiyo anali munthu wansangala, wa tayi yobiriwira. Anafinya matayala. Analiza hutala, n'kuseka yekha. Ababa anaponda kamodzi, inayaka. Atandiona ndikubwera ndi madzi akumwa, anandifunsa mocheza:

"Iwe mtsikana, ana sanama. Siivuta njinga ya ababayi?"

Ababa anali akuyang'ana kumene kunali dzuwa.

"Imathamanga, aphunzitsi," ndinatero.

Ndipo zinali zoona. Mlungu wotsatira makina osokera a amayi anabwerera m'nyumba. Palibe anafunsa mnzake kanthu, ndipo mphunzitsi uja sitinamuonenso. Kaya ankakhala pachitunda kapena kuchigwa, sindidziwa mpaka lero.

Tsopano ndili ndi zidzukulu zitatu. Ana anga amati amayi ndinu ovuta, mumakayikira ngakhale munthu wokupatsani moni. Sindikana. Munthu akanditchulira nthawi, ndimafika isanakwane. Wofunsira mwana wanga ndinakamuona kwawo Lachiwiri m'mawa, asanasambe, asanadziwe kuti ndine ndani. Mkamwini wangayo atafuna kugula njinga ya kabaza, ndinamuuza kuti akagogode mwiniwake akadali m'bulangete, ndipo akapeza yotsukidwa kale abwerere.

Patapita zaka, mayi wachikulire uja anandiuza kuti mwanayo anali atafera m'mimba dzulo lake, kotero njinga ikanayaka sizikanasintha kanthu. Mwina zinali choncho. Mwinanso anangoona nkhope yanga n'kusankha mawu oti andipatse. Ndinathokoza, koma sindinawatenge.

Kale ndinkaganiza kuti phunziro langa linali la a Likhutcha, kuti pali anthu oipa obisala m'kwaya. Pano ndikuona kuti m'nkhani yonseyi palibe ananama ngakhale liwu limodzi, ndipo palibe amene anali chigawenga. Aliyense anali ndi chake chomupsinja, n'kuchitula pa wobwera pambuyo amene sankadziwa pogwira. Ababa anamwalira ali munthu wolemekezeka, ndipo ndikunena mosakayika kuti mwa anthu onse amene ndakhala nawo, wabwino kuposa iwo sindinamuone. Amene anawathandiza kukankha Lachisanu la mphunzitsi lija ndine. Ndiye munthu akandiuza kuti ndimukhulupirire, ndimangomuyang'ana.