Ba Wilbroad ndi Nyumba ya ku Kabwata

Ba Wilbroad amasoka nsapato kuseri kwa msika wa Chelstone. Kumpingo kwathu pakabuka nkhani yovuta, timatuma iwo kukayankhula. Sindinkadziwa kumene amatenga mfundo zawo, pakuti ngakhale nyuzipepala sawerenga.

Rhoda ndi mwana wa mlongo wanga. Mwamuna wake atamwalira, abale a malemu anabwera kuchokera ku Chipata, nati nyumba ya ku Kabwata ndi yawo, Rhoda ndi ana achoke. Msonkhano wa banja anauika Loweruka. Ine pakamwa mpolemera, choncho ndinapempha ba Wilbroad kuti akatiyankhulire. Anavomera.

Mkati mwa sabata tinakwera limodzi minibasi yopita ku City Market. Itangonyamuka, iwo anakweza mawu osayang'ana munthu.

"Ine niona so: mwamuna akafa, mukazi ayende kwao. Nyumba ni ya abululu a mwamuna."



Mayi wina amene anafungata beseni la chikanda anatembenuka. "Imwe ba mudala, mwamwa chani kuseni kuno? Pamene mwamuna adwala, abululu amankhala kuti? Ndani amamusambika?"

"Ni nchito yake," anatero ba Wilbroad.

"Nchito? Mukadwale imwe, tione!"

Kondakitala analeka kuitana anthu. "Ise anatipisha pa nyumba so, mudala. Ba tate atafa, anatenga na mabulangete. Onani manje, nili pa chitseko cha basi."

"Nanga anawo dzina ali nalo ni la ndani?" anakuwa bambo wina kumbuyo. "Mupisha magazi anu mweka!"

Ba Wilbroad sanaleke. Mkangano ukati uzirale, ankasonkhezeranso. Titafika ndinatsika osawatsazika.

M'basimo munali wina wowadziwa. Madzulo Rhoda anandiimbira foni akulira. "Amalume, mwanigulitsa?" Nkhaniyo inamufikanso Meshack, mkulu wake wa malemu, amene ankalimbikira za nyumbayo.

Loweruka Meshack anawalandira ba Wilbroad ndi manja awiri, nawapatsa mpando wabwino. "Ayambe aba," anatero. "Adziwa mwambo."

Rhoda anakhala pansi pakati pa amayi, atawerama.

Ba Wilbroad anaimirira. "Munamva zimene ninakamba mu basi. Ni zoona, ninakamba. Basi yonse inafuna kuniponya panja. Manje nakubweletselani zimene ananiyankha."

Anayamba ndi funso la mayi wa chikanda, osasintha liwu. Ndani ankamusambitsa malemu miyezi yonse ija? Sanapitirize. Anangodikira. Amayi ake a malemu ndiwo anayankha okha: "Anali Rhoda."

Kenaka ba Wilbroad anasimba za kondakitala ndi mabulangete. Anaitana mwana woyamba wa malemu, namufunsa dzina lake lonse. Mwanayo analitchula. Linali dzina la Meshack lomwe, la atate awo, la banja lonse limene linakhala pamenepo.

Amayi ake a malemu anadzikhwekhwereza mpaka pamene panali Rhoda, namugwira dzanja. "Adzukulu anga sachoka muno," anatero. Palibe anatsutsa.

Pobwerera ndinawafunsa ba Wilbroad chifukwa chake sanandiuze cholinga chawo m'basi muja.

"Munthu ukamufunsa maganizo, amakupatsa ulemu chabe," anatero. "Ukamukalipitsa, amakupatsa zonse. Zaka zonse izi nichita so."

"Nanga Meshack? Munamutchera dala msampha?"

"Uja sininamuganizile. Anabwela yeka."

Rhoda akadali m'nyumba muja ndi ana ake. Koma usiku umene analira uja sanauiwale. Nsapato za ana zikang'ambika, amapita nazo kwa wosoka wina.