Khofi wa Che Saidi ndi chiwindi changa

Chinayamba ndi kutopa. Inali nthawi ya mwera, asodzi ali pamtunda kusoka maukonde, ine ndikugwira ntchito yosamalira maluwa pa loji ina ku Senga Bay. Ndikathirira pang'ono, ndinkafuna pokhala. Kenako mkodzo unayamba kutuluka wofiirira ngati tiyi wopanda mkaka, chakudya chinasiya kukoma, ndipo kumanja pansi pa nthiti kunkalemera. Mayi a kunyumba ndiwo anaona kuti maso anga achita chikasu. Anati tipite kuchipatala. Ndinawayankha kuti asade nkhawa, anakwatiwa ndi munthu wowerenga.

Sukulu ndinalekezera sitandade sikisi, koma alendo akasiya magazini m'zipinda ndinkatola, n'kumawerenga ndi dikishonale yothothoka chikuto. Anzanga ankanditchula kuti Pulofesa, ndipo kunena zoona sindinkakana. Ndinkadziwa kuti chikasu ndi nkhani ya chiwindi, ndipo m'magazini ina ndinali nditawerenga kuti khofi amathandiza chiwindi. Tsambalo linali long'ambika pakati, theka linalo wina atakulungira kanyenya. Ine ndinakhutira ndi theka langalo.

Wophika wa palojipo anali Che Saidi, bambo wachikulire wa ndevu zoyera. Akachokera ku swala ya m'mawa kumzikiti ankakonza khofi wa alendo, wotsala m'ketulo n'kundithirira. Tinkakhala pa makreti kuseri kwa khitchini, iwo akusimba za masiku omwe chambo chinkagwidwa pafupi ndi gombe, ine ndikuwamasulira nkhani za m'magazini, zina ndikuwonjezera ndekha. Mpaka lero ndikamva fungo la khofi ndimaona makreti aja.

Ndinafika pomwa makapu asanu patsiku. Mtima unkathamanga, manja ankanjenjemera, ine n'kumati mankhwala akugwira ntchito. Zinatenga miyezi iwiri, mpaka mimba inayamba kutupa. Tsiku lina ndinapereka kapu, Che Saidi osailandira.

"Apulofesa, khitchini yanga si chipatala. Wallahi, mukapanda kupita kuchipatala cha kuboma mawa, pano simudzamwanso."

M'mawa mwake ndinakwera kabaza, kenako minibasi ya ku Salima, mayi a kunyumba ali pambali panga. Tinakhala pabenchi kuyambira m'mawa mpaka masana, buku la kuchipatala lili m'manja. Anandiyeza sikelo, ananditenga magazi, n'kundiuza tsiku lodzamva zotsatira. Nditabwerera anandiunika m'mimba ndi makina. Dokotala anati ndili ndi hepataitisi B, kachilombo kamene kamatha kukhala m'thupi zaka zambiri osadziwika, mwina kuyambira ubwana, ndipo chiwindi changa chinali chitayamba kuchita zipsera. Ndinagonekedwa sabata imodzi.

Tsiku lotuluka ndinaonetsa namwino tsamba langa lija. Analiwerenga, n'kuseka pang'ono.

"Bambo, apa sananame kwenikweni. Kapu imodzi kapena makapu awiri patsiku si vuto, mwinanso zimathandizako. Koma khofi sapha kachilombo. Piritsi ili limodzi tsiku lililonse, osadumphitsa. Mowa ayi, zitsamba ayi, ngakhale panado muzifunsa kaye."

Mayi a kunyumba ndi ana anayezedwanso. Onse analibe, ndipo mayiwo analandira katemera. Mphamvu zinabwerera pang'onopang'ono. Maso anayera patatha miyezi itatu, ndipo mvula isanagwe ndinali nditabwerera kumaluwa anga. Che Saidi anandilandira ndi kapu imodzi yokha, n'kubisa ketulo.

Papita zaka zitatu tsopano. Che Saidi anapuma ntchito, anabwerera kwawo ku Khombedza, ndipo chaka chatha tinakawaika m'manda. Wophika watsopano ndi munthu wabwino, koma sakhala pansi. Kapu yanga ndimamwera ndekha, chiimire.

Ndili bwino. Ndimalima, ndimapalasa njinga, ndipo miyezi isanu ndi umodzi iliyonse ndimakayezetsa magazi. Koma dokotala anandiuza mosabisa kuti zipsera zina sizidzachoka, ndipo ndikanafika msanga zikanachepa.

Inu amene mukuona chikasu m'maso, mkodzo wofiirira kapena kutopa kosadziwika bwino, pitani kuchipatala sabata yomweyo, ndipo mutenge a m'banja mwanu akayezedwe. Matendawa ali ndi mankhwala. Miyezi iwiri imene ndinachedwa ija ndiyo ilibe.