Jekete ya Achimwene

Tsikulo Amayi ankachapa matawulo kuseri kwa chipinda chathu ku Mabopane. Ine ndinkasita yunifolomu ya kusukulu. Achimwene anga a Lameki anali kuntchito. Ankameta anthu m'kontena pafupi ndi renki ya matekisi.

Phokoso linayamba ngati la kumpira. Kenako tinamva fungo la matayala akupsa, ndi mawu akuti obwera achoke.

Amayi anathamangira ku kontena, manja ali thovu lokhalokha. Anabwerako ndi nsapato imodzi. Anangondigwira padzanja.

MmaLerato, mayi woyandikana nafe, anatimanga mipango ya kumpingo kwawo n'kutikweza tekisi. Anatiuza kuti tisatsegule pakamwa mpaka m'tauni. Pamsewu anyamata a zibonga anasuzumira pawindo. Ine ndinayang'ana manja a Amayi. Thovu lija linali litauma.

Tinafikira m'holo ya tchalitchi ku Sunnyside. Kumeneko ndi kumene Amayi anandiuza kuti Achimwene kulibenso.

Tinawaika konkuno ku Joni. Kwathu maliro akatha, abale amagawana zovala za malemu. Amayi anakana. Jekete yabulauni imene Achimwene anavala tsikulo apolisi anali ataitenga ngati umboni, ndipo anati idzabwera mlandu ukadzatha. Amayi anati sitigawa zoperewera.

Inu obadwa m'mbuyo muno mumaganiza kuti munthu akapha mnzake anthu akuona, mawa lake ali m'ndende. Eish. Anthu anaonadi, koma oonawo anali atathawira ku Malawi, ena ku Zimbabwe. Otsala ankaopa. Wapolisi wofufuza anasamutsidwa, watsopano n'kuyambiranso. Tsiku lina khoti linabweretsa womasulira Chishona, poti Amayi anabadwira ku Zimbabwe. Amayi anati za imfa ya mwana wawo adzazinena m'Chichewa basi. Mlandu unaimitsidwanso. Benchi ya pakhonde la khotilo ndinadana nayo, mpaka lero.

Panali kavidiyo kakafupi kamene kankayenda m'mafoni. Mumaoneka munthu atagwira kolala ya jekete ija, akukoka. Anyamata akwathu anamuzindikira: Thabo, wogulitsa zipatso pa renki. Anyamatawo anabwera kwa Amayi kudzanena kuti khoti likugona, petulo alipo, ndipo nyumba yake akuidziwa. Mtima wanga unali kumbali yawo.

"Ine ndinaona wa chitsulo m'manja," Amayi anatero. "Za uyo sindikudziwa. Khalani pansi."

Anakhala pansi, koma ambiri sanabwerenso kudzationa.

Shuga anali akuwadya Amayi. Abale ankawaitana kuti abwerere kumudzi, akadwalire pakati pa anthu awo. Koma mboni imene inaona nkhope ya wa chitsulo anali iwo okha. Akanapita, mlandu ukanafera pomwepo. Anatsala m'kachipinda kogawana ndi mabanja ena, akudikira tsiku limene linkangosunthidwa.

Patapita zaka, apolisi anapeza foni ina yokhala ndi vidiyo yonse. Tinaionera m'khoti. Thabo ankakoka Achimwene kuti awatulutse m'gulumo. Anamenyedwa chibonga pamkono, koma sanasiye kolala ija mpaka atagwa. Ndinakumbuka petulo uja.

Amayi anapereka umboni atakhala pampando, chifukwa miyendo inali itatupa. Analoza wa chitsulo uja.

Chigamulo sanachimve. Tinawaika pafupi ndi mwana wawo mlandu usanathe.

Pa chigulu chonse chija, amene anamangidwa ndi mmodzi yekha. Ena ndimawaona ndikapita ku Mabopane, akudya chipisi pa renki. Musandiuze kuti chilungamo chinachitika, chimandiwawa. Chimene ndikudziwa n'chakuti nyumba ya Thabo ikadalipo, ndipo ana ake akula.

Jekete anandipatsa m'pulasitiki yomata. Kolala ndi yong'ambika mbali imodzi. Ndinaiika m'sutikesi momwe muli malaya ndi mathalauzi a Achimwene, mmene Amayi anazipindira. Zovala zakwana tsopano. Wozigawa ndiye palibe.